Galimoto Imaima Bwanji? Nkhani ya Mabuleki ndi Manati a Gudumu

Tisanayambe phunziro la lero, ikani mapensulo pansi. Gundanitsani zikhato za manja anu, muzikhule mwamphamvu ndi mofulumira kufikira aphunzitsi atawerenga makumi awiri. Tsono ikani zikhatozo m'masaya. Mwamva ciani? Zatentha. Moto umenewo sunacokere ku mbaula kapena ku dzuwa ai. Wabadwa pa kukhulana kwa manja anu. Makolo athu anali kuudziwa bwino, pakuti macisa asanafike iwo anali kupekesa moto ndi timitengo tiwiri touma. Sungani kutentha kumeneku m'mutu, cifukwa ndiko kumene kumaimitsa minibasi iri yonse imene mumaiona pa mseu wa Chifundo m'Chawama.

Cinthu ciri conse cothamanga ciri ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo siingangozimirira yokha. Minibasi yodzaza anthu ikafuna kuima pa sitesheni, mphamvu ya liwiro lake iyenera kupita kwina. Nchito ya mabuleki ndiyo kuilanda ndi kuisandutsa kutentha, kenaka mphepo imatenga kutenthako. Njinga ingakuonetseni bwino zimenezi. Mukafinya buleki, timphira tiwiri timapana limu ya gudumu, limu imafunda, njinga niima. Mnyamata amene njinga yake iribe mabuleki amaponda tayala ndi patapata. Njingayo imaimadi, koma mwezi usanathe patapata uja wabooka, ndipo kunyumba kuli mlandu. Apa pali cinthu caciwiri coti musunge: ciri conse cokhulana ndi cinzake cimadyeka. Taonani mwala wonolera nkhwangwa umene agogo ausunga zaka zambiri, mmene wakumbikira pakati. Mabuleki naonso anapangidwa kuti azidyeka. Kutha kwao si kulakwa kwa amene anawapanga. Ngozi imabwera pamene atha koma palibe amene wawayang'ana.

Tiyeni tisuzumire kuseri kwa gudumu la kutsogolo la galimoto yaing'ono, monga Toyota Corolla. Pemphani mwini wake poyamba, ndipo galimotoyo ikhale yoti yaima nthawi yaitali, pakuti zitsulo za pamenepo zimaocha. Mudzaona cimbale ca citsulo, cacikulu ngati mbale ya nsima, cimene amakanika amati disiki. Citsulo cake ndi ca mtundu umodzi ndi ca mphika wakuda wa miyendo itatu. Disiki imamangidwa pamodzi ndi gudumu: gudumu likazungulira iyonso imazungulira, ndipo iyo ikaima gudumu limaima. Pa mlomo wa disiki pakwera citsulo cina cooneka ngati dzanja lofumbata, dzina lake kalipa. M'kati mwa kalipa muli mapadi awiri, imodzi mbali iyi, inzake mbali inayo. Mapadi ndiwo amagwira nchito ya timphira ta njinga tija. Woyendetsa akaponda buleki, iwo amapana disiki monga mmene mungapanire mbale yozungulira pakati pa cala cacikulu ndi camkombaphala. Magalimoto ambiri ali ndi mabuleki a mtundu wina ku magudumu a kumbuyo, ochedwa madilamu. Za iwo tidzakamba tsiku lina.

Nanga phazi la munthu mmodzi limapeza kuti mphamvu yoimitsira galimoto yolemera kuposa tani imodzi? Yankho linacokera kwa Blaise Pascal wa ku France, amene anamwalira mu 1662, anthu asanalote n'komwe za galimoto. Iye anaonetsa kuti madzi otsekeredwa ukawakankha mbali imodzi, iwo amakankha mbali zonse mofanana. Kutsogolo kwa phazi la woyendetsa kuli kapampu kamene kamakankha mafuta a mabuleki m'timapaipi topita ku magudumu onse anai. Pofika ku kalipa, mafutawo amakankha pistoni yaikulu kuposa ya m'kapampu, ndipo cifukwa ca kukula kwakeko mphamvu imaculuka. Aphunzitsi angaonetse zimenezi ndi masirinji awiri atsopano opanda nsingano, imodzi yaing'ono, ina yaikulu, olumikizidwa ndi kapaipi ka pulasitiki kodzaza madzi. Mwana mmodzi akankhe yaing'ono, mnzake ayese kuletsa yaikulu. Pambuyo pake lowetsani mpweya pang'ono m'kapaipimo, muyesenso. Tsopano sirinji idzafewa ngati mkate, pakuti mpweya umafinyika pamene madzi safinyika. Buleki imene mwalowa mpweya imafewa cimodzimodzi, ndipo phazi limafika pansi galimoto ikuyendabe.

Mwina mudzafunsa kuti, ngati madzi safinyika, tiguliranji mafuta a m'botolo? Ena a inu munamvapo za anthu amene amathira madzi a sopo m'mabuleki mafuta akasowa. Kucita zimenezi ndi kuika miyoyo ya anthu pa ciswe. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kuno ku Lusaka, popeza tiri pamtunda, amawira asanafike n'komwe pamenepo. Mafuta a mabuleki olembedwa DOT 3, akali atsopano, sawira kufikira pa madigiri 205. Madzi akawira m'timapaipi amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika monga mpweya uja wa m'sirinji. Coipitsitsa n'cakuti zimenezi zimacitika pa nthawi imene mabuleki atentha kwambiri, ndiyo nthawi yomweyo imene akufunika koposa.

Buleki ya disiki ndi yakale ndithu. Frederick Lanchester wa ku Birmingham, m'dziko la England, anailembetsa ku boma monga luso lake mu 1902, koma inali ya phokoso ndipo anthu sanaikonde. Inachuka mu 1953 pamene galimoto ya Jaguar yokhala ndi madisiki inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France. Oyendetsa ake anali kutha kucedwa kuponda buleki pofika pokhota, anzao a madilamu atayamba kale kucepetsa liwiro. Mu 1955 kampani ya Citroën inaika madisiki pa galimoto yogulitsa kwa anthu wamba. Ubwino wa disiki ndi wakuti iri poyera: mphepo imaizizira msanga, ndipo ikanyowa imamwaza madzi pozungulira. Inu a m'Chawama, m'Misisi ndi m'Kanyama mudziwa mmene miseu imasandukira madambo m'nyengo ya mvula. Woyendetsa wanzeru akaturuka m'madzi otero amaponda buleki pang'ono-pang'ono kangapo kuti mapadi aume.

Komabe ngakhale disiki iri ndi malire. Amene anayendapo pa mseu wa ku Chirundu adziwa malo ochedwa Kapiri Ngozi, ndipo amene amapita kumudzi ku Chipata adziwa Manenekela pafupi ndi mtsinje wa Luangwa. Pa mitsetse yotero, woyendetsa amene agoneka phazi pa buleki kucokera pamwamba kufikira pansi amaunjika kutentha kumene mphepo siingathe kucotsa. Mapadi amayamba kununkha ndi kuterera. N'cifukwa cake oyendetsa malole amatsika ndi giya yaing'ono, kuti injini ithandize kugwira katundu, mabuleki napumeko.

Tsono tibwerere kwathu. M'Chawama, monga m'Matero ndi m'Mtendere, magalaji ambiri alibe denga: ndi bwalo la nyumba, mthunzi wa mtengo wa mango, ndi bokosi la masipanala. Kumeneko kuli amisiri aluso zedi, ndipo ena a inu ndinu ana ao kapena adzukulu ao. Kodi a makanika amadziwa bwanji kuti nthawi yosintha yakwana? Poyamba amamvetsera. Mapadi ambiri ali ndi kacitsulo kamene kamalira kuti tswii mapadiwo akatsala pang'ono kutha. Kulirako kukasanduka kukukuta, ndiye kuti padi yatheratu ndipo citsulo cikudya citsulo cinzake. Ciongolero cikamanjenjemera poponda buleki, disiki yadyeka mosafanana. Koma khutu lokha silikwanira. Pa disiki pamadindidwa malemba akuti MIN TH pamodzi ndi nambala. Nambalayo ndiyo kucindikala kotsiriza kumene disikiyo iloledwa kufika. Kawiri-kawiri kusiyana kwa disiki yatsopano ndi yofunika kutaya ndi mamilimita awiri okha. Tengani rula, muone kucepa kwa mamilimita awiri. Diso silingaweruze zimenezi. Pamafunika cipangizo coyezera. Ine ndiganiza kuti disiki ya salaula si yoipa iyai, malinga ayiyeze ndi kuona kuti iribe ming'alu. Wogula moyang'ana kuwala kwake kokha wagula cinthu cimene sacidziwa.

Nchito yeniyeni imayamba galimoto ikali pansi. A makanika amasankha malo olimba ndi osapendekeka, amachinga magudumu otsala ndi mitengo kapena miyala, namasula manati pang'ono cabe, pakuti gudumu lolendewera limangozungulira ukafuna kulimasula. Atatero amakweza galimoto ndi jeki. Pano mvetsetsani, ana inu, cifukwa mbali iyi ikukhudzani koposa zonse. Jeki ndi yokwezera, si yosungira. Galimoto ikakwera iyenera kukhazikidwa pa masitandi a citsulo. Anthu ambiri amasanja mabuloko a simenti, popeza ndiwo ali ponse-ponse m'makomboni mwathu. Buloko imanyamula khoma bwino cifukwa kulemera kwa khoma kumagona pa thupi lake lonse. Koma citsulo ca galimoto cimaitsindira pa malo amodzi, ndipo imaphwanyika mwadzidzidzi, yosayamba yacenjeza. M'dzinja nthaka yonyowa nayonso imameza jeki pang'ono-pang'ono. Cotero mpira wanu ukagubudukira pansi pa galimoto yokwezedwa, usiyeni komweko, mukaitane wamkulu. Musatsamire galimoto yotero, ndipo musalowemo kukasewera ndi ciongolero.

Gudumu likacoka, amamasula mabauti awiri a kalipa ndi kuikoloweka ndi waya, wonga uja mumapangira timagalimoto tanu. Saisiya kuti ilendewere pa paipi yake ya mphira, pakuti paipiyo ingang'ambike m'kati mosaoneka ndi kudzaphulika tsiku lina pa mseu. Amacotsanso citsulo cogwira mapadi, ndipo disiki imatsala poyera. Nthawi zambiri imakhala itamatirira ndi dzimbiri, makamaka pa galimoto yoyenda m'madzi a m'makomboni, ndipo imafuna kugogodwa ndi nyundo. Fumbi lakuda la pamenepo saliuzira ndi pakamwa, cifukwa ndi loipa m'mapapo. Mapadi ena akale anali ndi asbestos, cinthu cimene cimadwalitsa munthu patapita zaka zambiri.

Tsopano pafika kanchito kamene munthu wofulumira amakadumpha, koma ndiko kamene kamasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa. Malo amene disiki yatsopano idzakhalapo ayenera kukwecedwa ndi burashi ya waya kufikira citsulo citawala. Dzimbiri locindikala ngati tsitsi limodzi likwanira kupendeketsa disiki, ndipo pakapita miyezi yowerengeka kunjenjemera kuja kumabweranso, mwini galimoto nayamba kunena kuti anamgulitsa disiki yabodza. Disiki yatsopano imabwera yopakidwa mafuta oletsa dzimbiri. Amenewo amapukutidwa onse. Girisi asakhudze nkhope ya disiki kapena ya padi ngakhale pang'ono, pakuti girisi ndi mdani wa kukhulana. Pistoni amaikankhira m'kati kuti mapadi atsopano, amene ali onenepa, apeze malo. Ndipo zonsezi amazicita mbali ziwiri, kumanja ndi kumanzere, tsiku limodzi. Kusintha mbali imodzi yokha kuli ngati kupalasa bwato mbali imodzi: poponda buleki galimoto idzakokera kumene kukugwira kwambiri.

Gudumu likabwerera pamalo pake, manati amayamba kumangidwa ndi zala, kenaka ndi sipanala, koma osati motsatana mozungulira. Amamanga iyi, nadumphira ya kutsidya, monga mmene mumajambulira nyenyezi ya nsonga zisanu osanyamula pensulo. Motero gudumu limakhala mowongoka. Kulimba kwake kuli ndi muyeso wolembedwa m'buku la galimoto. Pa galimoto yaing'ono muyesowo uli pafupi ndi manyutoni-mita 100. Mau awa asakuopseni. Ganizani sipanala yaitali mita imodzi, yogonekedwa copingasa, ndipo kunsonga kwake mwapacika thumba la unga la makilogalamu 10: mphamvu yake ndi imeneyo. Tsono munthu wamkulu amene amalowetsa paipi yaitali ku sipanala ndi kudumphirapo ndi mapazi onse awiri wapyola muyesowo kangapo. Iye ayesa kuti walimbitsa, koma watanula mabauti, ndipo bauti yotanuka imaduka. Iripo sipanala ya muyeso imene imalira kuti khe mphamvu ikakwana; ndi cida cimene galaji iri yonse iyenera kukhala naco.

Pali magalimoto ena amene gudumu lao limagwidwa ndi nati imodzi yokha, yaikulu, ya pakati. Nzeru imeneyi inachuka ndi kampani ya Rudge-Whitworth ya ku Coventry, imene inalinso kupanga njinga, nkhondo ya 1914 isanayambe. Masiku amenewo matayala anali kuphulika kawiri-kawiri, ndipo a mipikisano anafuna njira yosinthira gudumu msanga. Pambuyo pake natiyo anaipatsa makutu awiri, ndipo inali kumasulidwa pomenya makutuwo ndi nyundo ya mkuwa kapena ya mtovu, zitsulo zofewa zimene siziwononga nati. Manati a mbali imodzi ya galimoto anali kumangidwa cobwerera, kuti kuzungulira kwa gudumu kuziwalimbitsa m'malo mowamasula. Zimenezi mungazione pa njinga ya kwanu: pedulo ya kumanzere imamangidwa mosiyana ndi ya kumanja. Ambiri apotola sipanala posadziwa cinsinsi cimeneci.

Magalimoto a mpikisano wa Formula One ali ndi nati imodzi pa gudumu liri lonse, ndipo gudumu limodzi limagwiridwa ndi anthu atatu. Mu 2023, ku Qatar, gulu la McLaren linasintha magudumu onse anai m'masekondi 1.8. Yesani kunena kuti "Chawama, Kanyama, Matero". Pomaliza, galimoto yapita. Koma nati imodzi iri ndi msampha wake. Mu 2021, ku Monaco, Valtteri Bottas anali waciwiri pa mpikisano pamene anaima kuti asinthe matayala. Makina omasulira anadya mano a nati imodzi, gudumu linakana kucoka, ndipo mpikisano wake unathera pomwepo. Natiyo anakaicotsa mpikisano utatha kale, galimoto itabwerera ku fakitale ku England.

Magalimoto ena othamanga ogulitsidwa kwa anthu, monga Porsche 911 GT3, ali nayonso nati ya pakati. Mwini wake amene afuna kusintha madisiki kunyumba amatsata njira yonse imene tafotokoza, koma pofika pa nati amakumana ndi nchito ina. Muyeso wake ndi manyutoni-mita 600. Bwererani ku sipanala yathu ya mita imodzi: tsopano pacikanipo matumba awiri a unga a makilogalamu 25 ndi limodzi la makilogalamu 10. Pamafunika sipanala ya muyeso yaitali kwambiri, girisi wa mtundu wake, ndi mnzako woponda buleki pamene iwe ukumanga, pakuti natiyo imamangidwa gudumu liri m'mwamba. Pakati pake pali kaloko kamene kayenera kubwerera pamalo pake; kakapanda kubwerera, galimotoyo siyenera kuyenda. Kunena zoona, pa miseu yathu nati yotere iribe phindu. Tayala likaphulika pa Kafue Road, sipanala yotero mudzaipeza kuti? Ngakhale magalimoto a mipikisano ya m'miseu ya fumbi, monga imene Satwant Singh wa kuno ku Zambia anapambana kasanu ndi katatu mu Africa yense pakati pa 1988 ndi 2000, amakhala ndi manati angapo pa gudumu. Manati anai kapena asanu amagawana katundu, ndipo imodzi ikayamba kumasuka zinzake zimagwirabe kufikira munthu ataona. Izi sizitanthauza kuti gudumu la mabowo asanu liziyenda ndi manati atatu. Gudumu lotero limagwedera, limakuza mabowo ake, ndipo mabauti otsalawo amaduka umodzi-umodzi.

Galimoto yatsitsidwa, manati amangidwa pa muyeso, koma nchito siinathe. Kumbukirani kuti pistoni ija inakankhidwira m'kati. Woyendetsa akangoliza injini ndi kunyamuka, buleki yoyamba idzapita pansi yosagwira kanthu, ndipo pa bwalo la nyumba pamakhala ana, mbaula ndi khoma la aneba. Cotero asanasunthe amapopa buleki kangapo kufikira italimba, nayang'ana ngati mafuta ali pa mzere wake ndi ngati palibe podontha. Masiku oyamba amaponda buleki mofatsa kuti mapadi ndi disiki zizolowerane. Atayenda makilomita 50 kapena 100 amayesanso manati onse. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, limayesa mabuleki popereka cikalata ca fitinesi. Koma kuyesako kumacitika pa tsiku limodzi, pamene mapadi amadyeka tsiku liri lonse. Amene mwa inu, anyamata ndi atsikana omwe, akonda nchito imeneyi adziwe kuti imaphunzitsidwa m'masukulu a za umisiri, monga Northern Technical College ku Ndola, ndipo khomo lake ndi masamu a muyeso amene mukuphunzira tsopano lino.

Phunziro likatha, aphunzitsi aturuke ndi ana ku bwalo la sukulu, atatenga cingwe coyezera ndi miyala iwiri. Jambulani mzere pansi. Pamenepo ndi pamene woyendetsa waonera mwana akudumpha mseu. Munthu wogalamuka amatha pafupi-fupi sekondi imodzi asanaponde buleki. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola, galimoto imayenda mamita 8 m'sekondi imeneyo, ndipo mabuleki abwino pa tara youma amafuna mamita ena 5. Ikani mwala woyamba pa mamita 13. Pa liwiro la makilomita 60, sekondi ija imadya mamita 17, ndipo mabuleki amafuna mamita 20, osati 10, pakuti liwiro likawirikiza kawiri mtunda wa mabuleki umawirikiza kanai. Ikani mwala waciwiri pa mamita 37. Ana awerenge mapazi ao kucokera pa mzere kufika pa mwala uli wonse, alembe m'mabuku. Kenaka mwana mmodzi aime pa mamita 15, ndipo anzake anene: galimoto yoyamba iri kuti tsopano, nanga phazi la woyendetsa waciwiri lafika kale pa buleki kapena likali m'njira?